Dzanja Lanu Lamanzere, Amayi

Chilenje,
Lusaka, Zambia.
19 Julayi 2025.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse kumudziko. Kodi bondo lija likukuvutanibe? Mlongo wanga Luwiza anandiuza kuti kuzizira kwa mwezi uno kwalidzutsanso, moti Lamulungu lapitalo munalephera kufika ku Misa ku Ludzi. Mundiuze zoona zake, musandibisire poopa kundidetsa nkhawa. Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira sabata yatha koma chandisiya.

Nsawa ndi nsinjiro zomwe munapatsira a Felista ndinalandira, zikomo kwambiri. Thumbalo ndinalizindikira asanalitsitse n'komwe m'basi, chifukwa cha kamangidwe kanu ka luzi kaja. Anzanga a kuntchito atha kale theka, akuti nsawa za ku Mchinji n'zonona kuposa za kuno. Kalatayi ndapatsiranso a Felista omwewo pobwerera ndi katundu wawo wa zitenje.

Mudabwa kuti ndalemberanji kalata pomwe foni ilipo. Zomwe ndikufuna kunenazi ndayesa kawiri kuziyamba pafoni, koma mukangoyankha ndimapezeka ndikufunsa za mbuzi ndi za mtengo wa soya. Ndaona kuti papepala sindithawa.

Ndiyambe ndi za kuno. Ku Kanyama kuja ndinasamukako, madzi ankalowa m'nyumba dzinja lililonse. Pano ndikukhala ku Chilenje, chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye wochokera ku Chipata. Amalankhula ngati kwathu komweko, ndipo akaphika chigwada amandigawirako. Chovuta ndi magetsi. Masiku ena amangoyaka maola ochepa, ndiye ntchito timaigwira mothamanga, ngati kuolera chimanga mvula ikubwera.

Munandifunsapo tsiku lina kuti ntchito yangayi kwenikweni ndimachita chiyani, ine n'kungoyankha mwachidule kuti ndimakonza nyimbo. Lero ndifotokoze bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Woimba amabwera ku situdiyo ndi mawu ake basi. Ng'oma, chisekese, gitala ndi zina zonse ndimaziika ine pa kompyuta. Pagalasi la kompyutayo pamakhala mizere yotalikirana mofanana, monga muja alangizi amatiuzira kubzala nsawa ndi chingwe cha mfundo. Kulira kulikonse kwa ng'oma kumaoneka ngati kadontho, ndipo ine ndimakaika pamzere. Dzanja langa likaphonya, pali batani lomwe ndikalidina, makina amakokera timadontho tonse pamizere, osatsalako n'kamodzi komwe. Zaka zitatu ndakhala ndikunyadira batani limeneli.

M'mwezi wa Meyi kunabwera mayi wina woimba, dzina lake Ivy. Amaimba m'maukwati, ndipo kuno amamudziwa ndithu. Anafuna kujambula nyimbo zisanu ndi zitatu. Abwana anga a Stanley, omwe kuno timawatchula kuti Ba Stanley, anandipatsa ine ntchito yonseyo. Kanali koyamba chibwerereni kuno kundikhulupirira chotero. Paja ndinayamba ndi kunyamula masipika ndi kukulunga mawaya.

Ndinagwira milungu itatu n'kumaliza nyimbo zitatu, zoyera bwino, popanda kadontho kophonya. Tsiku lomvetsera, Ivy anaima pakati pa chipinda atapinda manja, chikwama chili paphewa osachitula. Zitatha zonse anati palibe chomwe chalakwika, koma thupi lake silinamve kanthu. Anati zikungomveka ngati chigayo cha dizilo. Anandifotokozera kuti paukwati, azakhali a mkwati akapanda kunyamuka pamipando ndime yoyamba isanathe, woimbayo samuitananso.

Ba Stanley anandiitanira panja. Anati andipatsa milungu iwiri, zikakanika ntchitoyo aipereka kwa munthu wina wa ku Kabwata, ine ndibwerere ku masipika. Sanandikalipire ayi, analankhula mofatsa, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka kwambiri. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndingolongedza ndibwere kudzalima.

Mu kompyutamo muli kachipangizo kena kotchedwa swingi. Ukakapotokola, kamachedwetsa pang'ono kadontho kachiwiri kalikonse, kuti ng'oma isamayende ngati asilikali paperete. Ndinakapotokola pang'ono, kenaka kwambiri, n'kuona ngati ndapeza mankhwala. Ivy atamva anaseka, nati poyamba chinali chigayo, tsopano ndi chigayo chotsimphina. Panali patatsala masiku khumi.

Nthawi imeneyo n'kuti ukwati wa msuweni wanga Emmanuel utangochitika kumene kumeneko, womwe ndinalephera kubwerako chifukwa cha ntchito yomweyi. Luwiza anali atanditumizira vidiyo pafoni, koma ndinakhala sabata yathunthu osaitsegula. Ndinkachita manyazi kuti abale onse analipo kupatula ine.

Tsiku lina masana magetsi atazima, ndinakhala pakhonde la situdiyo n'kuitsegula. Ndinkayembekezera kuona mkwati ndi mkwatibwi. Ndinaona inu. Munali mutakhala pa kampando pansi pa mtengo wa mango wa kwa amalume, ng'oma ili pakati pa maondo, amayi akuvina chimtali mozungulira, fumbi lili koboo. Ndinali ndisanakuoneni mutagwira ng'oma kwa zaka zinayi.

Sindinadziwe kuti Ivy wafika ndipo waima kumbuyo kwanga. Pocheuka ndinapeza mapewa ake akuyenda okha, chikwama atachiponya pansi. Anandilanda foniyo n'kubwereza vidiyoyo katatu. Anafunsa kuti akuomba ng'omawo ndani, ine ndinati ndi amayi anga ondibala. Anandibwezera foniyo. Kenaka anandifunsa kuti zatheka bwanji kuti ndikhale ndi chinthu chotere kwathu, iye n'kumamupatsa chigayo.

Magetsi atayaka, ndinatenga kulira kwa ng'oma yanu n'kukulowetsa mu kompyuta kuti ndione pomwe timadontho tanu tikugwera. Amayi, pafupifupi palibe kamodzi komwe kanali pamzere. Dzanja lanu lamanja limafika mzere usanakwane, pang'ono chabe, ngati munthu wofulumira kukatsegulira mlendo chitseko. Lamanzere limafika mzere utadutsa. Pakati pa kumenya kwamphamvu pali timadontho tina tating'onoting'ono, pomwe zala zanu zimangokhudza chikopa, tomwe khutu silitimva bwino koma tikachoka pamachita mphako. Amayi ovinawo akaimba nthungululu mumathamangako, akabwerera m'bwalo mumabwerera nawo. Ndipo malo ena, pomwe ine ndikanaika kadontho, inu simumenya konse.

Chinthu choyamba chomwe ndinachita ndichita nacho manyazi, koma ndinena. Ndinadina batani lija kuti ndikukonzeni. Timadontho tonse tinapita pamizere. Nditamvetsera, ng'oma inali yomweyo, chikopa chomwecho, koma inu munalibemo. Ndinabweza msanga mmene zinalili. Kenaka ndinakumbukira kuti aka sikanali koyamba kukukonzani.

Mukukumbukira Khirisimasi ija nditangomaliza kosi yanga ku Lilongwe. Ndinabwera ndi kiyibodi yobwereka, yokhala ndi ng'oma zake zam'kati, n'kupita nayo kokonzekera nyimbo za kwaya. Inu munkaomba ng'oma monga munkachitira kuyambira ine ndisanabadwe. Tili pakati pa Ulemu kwa Mulungu ndinaimitsa nyimbo. Pamaso pa aphunzitsi a kwaya a Lameki, pamaso pa atsikana omwe inu munawaphunzitsa, ndinanena kuti mukuchedwa, dzanja lanu lamanzere likukoka nyimbo m'mbuyo, bola tigwiritse ntchito ng'oma za mu kiyibodi zomwe siziphonya. Ena anaseka.

Simunakwiye. Munagoneka ng'oma pambali pa khoma, munakonza chitenje chanu, n'kupita kukakhala pabenchi la amayi. Munangoti, “Ombani, ana a sukulu.” Pobwerera kunyumba munandifunsa ngati ndidye nkhwani kapena nyemba, ngati palibe chachitika.

Ine ndinabwerera ku tauni ndi kiyibodi ija Januwale asanathe. Luwiza ndiye wandiuza posachedwapa kuti kuyambira tsiku limenelo simunagwirenso ng'oma m'tchalitchi, ndi kuti ngakhale paukwati wa Emmanuel munavomera amalume a Alufeyo atachita kukupemphani katatu. Zaka zinayi zonsezi ndakhala ndikukuimbirani foni, kukufunsani za bondo, osadziwa kuti ndinakulandani chiyani. Kapena ndinene zoona, ndinkadziwa pang'ono koma sindinkafuna kufunsa. Ndinkayesa tsobola wakale sawawa.

Ndinalakwa, Amayi. Simunkachedwa. Ndikupempha kuti mundikhululukire.

Tsiku lomwe ndinadina batani lija ku situdiyo, ndinaonanso vidiyo ija, koma ulendo uno ndinayang'ana maso anu. Simunkayang'ana ng'oma, munkayang'ana pansi, m'bwalo. Ndipo ndinakumbukira zomwe munkauza atsikana powaphunzitsa kuseri kwa nyumba yathu, ine ndikusewera mpira wachikulunga osalabadira. Munkati woomba ng'oma aziyang'ana chidendene cha wovina wolemera thupi kuposa onse, chifukwa iyeyo akaponda pansi ndiye kuti onse aponda. Ndinachedwetsa vidiyoyo kuti iziyenda pang'onopang'ono. Dzanja lanu lamanzere limatera nthawi yomwe chidendene cha azakhali a Theresa chikutera, ulendo uliwonse. Munkawadikira. Izi musawauze azakhaliwo, angandikane.

M'mawa mwake ndinazimitsa batani lokokera pamizere lija. Ndinapempha Ivy kuti avule nsapato azivina mu situdiyo momwemo akuimba, ine ndizigogoda ndi zala pa timabatani tofewa tomwe timalizira ng'oma, maso ali pa mapazi ake. Poyamba zinkandikanika. Zala zanga zinazolowera kuthamangira mzere, moti Ivy ankaima n'kundiuza kuti ndikumukankha. Tsiku lachitatu ndi pomwe ndinayamba kumudikira.

Ng'oma yaikulu ndinaisiya pafupi ndi mzere kuti ikhale mzati, nyimbo ingagwe. Chisekese ndinachitsogoza pang'ono ngati dzanja lanu lamanja. Ng'oma yaing'ono ndinaisiya izibwera m'mbuyo ngati lamanzere. Ndinaikamo timadontho tofewa tija, kena kolimba, kena kongonong'ona, osati tofanana mphamvu monga ndinkachitira kale. Malo ena ndinafufuta n'kusiya mpata. Ndikakayika, ndinkatsegula ng'oma yanu n'kuyerekeza. Ntchito yomwe batani limagwira m'kuphethira kwa diso inanditengera masiku asanu ndi anayi pa nyimbo zitatu, magetsi akuzimazima, koma sindinatope nayo.

Ba Stanley anamvetsera atatsinzina. Ine ndinkangoyang'ana phazi lawo. Nyimbo yoyamba isanafike pakati linayamba kugunda pansi. Itatha anafunsa kuti ndalemba ganyu ndani kuti adzaombe ng'oma iwo kulibe. Nditawauza kuti ndi kompyuta yomweyo, anakana, mpaka ndinachita kuwaonetsa pagalasi timadontho tili balalabalala kunja kwa mizere.

Koma Ivy anati situdiyo siweruza nyimbo, oweruza ali kubwalo. Loweruka lotsatira anaitanidwa ku Libala ku mwambo wolangiza mkwatibwi, womwe kuno amati kicheni pate, ndipo ananditenga kuti ndikayang'anire masipika. Kunali amayi oposa zana atakhala pamipando pansi pa tenti, dzuwa lili pamutu, ambiri akungodzikupiza ndi timapepala.

Ndinatsegula nyimbo yoyamba. Ivy asanatsegule n'kukamwa komwe, mayi wina wachikulire wakutsogolo, wamsinkhu ngati wanu, anaika ndodo yake pansi, anamanga chitenje m'chiuno n'kulowa pakati. Anzake anamutsatira. Pofika ndime yachiwiri mipando inali yokhayokha. Nyimboyo anaibwerezetsa katatu. Ine ndinabisala kuseri kwa sipika ngati ndikukonza waya, chifukwa misozi inali italengeza ndipo sindinafune kuti anthu achilendo andione.

Lolemba lake Ba Stanley anandiuza kuti nyimbo zonse zisanu ndi zitatu ndimalize ine, ndipo oimba ena awiri abwera kale kudzafunsa za ine. Akuti ndili ndi dzanja. Ndinawauza kuti dzanjalo si langa, ndabwereka ku Ludzi.

Choncho ntchito ndikadali nayo, Amayi, ndipo ndi inu mwandisungira. Munandisungira osadziwa, mutakhala pansi pa mango kuombera ukwati wa mwana wa mlongo wanu, ng'oma yomwe ine ndinakuuzani kuti muisiye. Sukulu munandilipirira ndi nsawa zanu, zimenezo ndinathokoza kale ngakhale mosakwanira. Koma ichi sindinadziwe n'komwe kuti munandipatsa. Chinalowa ndili kumsana kwanu, muja munkapita nane kokonzekera kwaya. Zikomo, Amayi. Mulungu akusungireni manja amenewo.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha.

Nyimbo yomaliza pa chimbale cha Ivy ndi ya mayi woperekeza mwana wake wamkazi ku banja. Ivy akuti imeneyo safuna kompyuta, ngakhale itaphunzira bwanji. Akufuna ng'oma yanu yeniyeni. Ba Stanley anati tingodula mu vidiyo ija n'kuikamo, kumudzi n'kutali, adziwa ndani. Ndinakana. Ndinawauza kuti ndinakuchotsanipo kale pa ng'oma popanda kukufunsani, sindingakubwezereniponso popanda kukufunsani. Sanakondwe, chifukwa chimbale chimayenera kutuluka mu Ogasiti, koma avomera kudikira mpaka kumapeto kwa Seputembala.

Ndiye ndikupempha kuti mundilole ndibwere koyambirira kwa Seputembala, anthu atamaliza kuswa nsawa, ndi makina ojambulira mawu ndi maikolofoni awiri. Ndi masana amodzi okha. Simudzavala zam'makutu kapena kutsatira makina aliwonse, makinawo ndiwo adzatsatira inu. Tidzaitane amayi a chimtali aja adzavine, azakhali a Theresa asalephere, chifukwa ndadziwa tsopano kuti simungaombere bwalo lopanda mapazi. Bondo likadzavuta tidzapumula nthawi iliyonse yomwe mwafuna.

Mudzalandira malipiro monga woimba wina aliyense wobwera mu situdiyo, ndipo pachimbalepo padzalembedwa kuti ng'oma, Veronika Mbewe, Ludzi, Mchinji. Mawu a nyimboyo ndawalemba kuseri kwa pepala lomalizali kuti muone nokha kuti mulibe chonyansa. Mukafuna, akawaonenso Abambo Mfumu ku parishi.

Mukakana sindidzadandaula, ndipo sindidzafunsa chifukwa. Ndidzauza Ivy, nyimboyo tidzaipanga mwanjira ina, vidiyo ija idzangokhala yanga yoonera ndikakusowani. Muyankhe kudzera mwa a Felista akamabweranso mwezi wamawa, kapena Luwiza andiimbire.

Kubwera kokha ndibwera, muvomere kapena mukane. Ndili ndi mawu oti ndikanene kwa a Lameki ndi kwaya yonse, Loweruka masana pokonzekera nyimbo, pamalo pomwe paja. Ndinakunyozani pagulu, ndiye kupepesa kwa m'kalata kokha sikukwanira. Zobwerera kukaomba m'tchalitchi kapena ayi, zimenezo ndi zanu, ine sindilowererapo.

Mundiperekere moni kwa Ababa. Muwauze kuti jekete lomwe a Felista abweretsa ndi lawo, asalipereke kwa munthu monga anachitira ndi lija. Moni kwa amalume a Alufeyo ndi azakhali a Theresa. Kwa msuweni wanga Emmanuel ndi mkazi wake Memory, muwauze kuti ndidzabwera kudzapepesa ndekha za ukwati, ndipo sindidzabwera chimanjamanja. Moni kwa achimwene a Vincent, alamu anga a Dyna ndi ana onse. Amayi a mphakati wathu omwe amandipempherera, muwathokoze m'malo mwanga.

Iwe Luwiza, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera Amayi kalatayi, poti maso awo savomeranso zilembo zing'onozing'ono. Zikomo chifukwa cha vidiyo ija, ngakhale theka lake unajambula mapazi a anthu. Mapaziwo ndi omwe anandithandiza. Ngati pali pomwe wadumpha pondimvera chisoni, bwerera ukawerenge ponse, mokweza, Ababa akumva.

Tsalani bwino, Amayi. Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu wothokoza,
Mateyo.